Nyumba ya malemu bambo ku Dedza: malata akudontha popanda mvula, khoma likusuwa. Tiyambire pati?

Nachisale_Dz
Odi pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene munakonzapo nyumba yakale. Bambo athu anatisiyira nyumba pa Dedza boma, yomangidwa cha m'ma 1970. Njerwa zake ndi zootcha koma anamangira matope, pulasitala ya simenti anachita kuika pambuyo pake. Zipinda zitatu ndi pabalaza, siling'i mulibe. Akukhalamo ndi amayi ndi mdzukulu wawo. Juni ndi Julayi akafika, m'nyumbamo mumazizira koopsa, ndipo m'mamawa malata amadonthezera madzi pamabulangete kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Mu Okutobala masana simukhalika. Khoma la kuchipinda kwa amayi, kuyambira pansi kufika m'mawondo, pulasitala ikufufuma n'kumagwa, ndipo panjerwa pakutuluka zinthu zoyera. Mmisiri amene anabwera kudzaona akuti tingoika siling'i ndi kupakanso simenti yamphamvu, nkhani yatha. Tikusonkherana ana anayi ndipo ndalama zake si zambiri. Kodi akunena zoona?

Kabaza_wa_Lizulu
Gwetsani mumange ina. Nyumba yomangira matope masiku ano? Mukufuna kutaya ndalama basi.

Nachisale_Dz
Achimwene, tikagwetsa amayi azikagona kwanu?

Bilidala_Kawale
Achemwali, siling'iyo muyambe mwaiiwala kaye. Ntchito yanga ndi yomweyi, ndipo mmisiri wanuyo wakuuzani chinthu chomalizira ngati choyambira. Mavuto muli nawo awiri osiyana, koma onse ndi a madzi.

Loyamba ndi la kumwambako. Madzi akudonthawo sakuchokera kunja. Usiku kumwamba kukayera, malata amazizira msanga kuposa china chilichonse panyumba. Mpweya wa m'nyumba umakhala ndi chinyezi cha anthu opuma, cha madzi osamba otenthetsa, cha zovala zoyanika m'kati. Ukakwera n'kukagunda lata lozizira umasanduka madontho, monga zimakhalira pansi pa chivundikiro cha poto. Mukaika siling'i pansi pake osachitapo kanthu kena, madonthowo azigwera pa siling'ipo. Chaka chimodzi mawanga a bulauni, chachiwiri yayamba kulendewera.

Lachiwiri ndi la pansipo. Zoyera mukuzionazo ndi mchere wa m'nthaka. Khoma likumwa madzi kuchokera pansi, madzi akauma mchere umatsalira. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo sankaika pepala lakuda lija pamwamba pa maziko. Ndiye mutumeni wina akaone izi: kodi nthaka ya kunja kwa khomalo ili pamwamba kuposa pansi pa m'chipinda? Pali maluwa odzalidwa m'mphepete mwa khoma? Madzi a padenga amagwera pati? Abwere ndi mayankho, kenako tikambe za simenti.

Nachisale_Dz
Maluwa alipo ndithu. Amayi anadzala mzere wonse kuseri kwa chipinda chawo ndipo amathirira tsiku lililonse.

Bilidala_Kawale
Ndiye wakuba tamupeza theka.

Mlamu_Leicester
Ndikugwirizana ndi a Bilidala, ndipo ndiwonjezere zomwe ndaona kuno. Ndimakhala m'nyumba zogundizana zija za njerwa zofiira, zomangidwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanachitike. Makoma ake ndi njerwa zokhazokha, opanda mpata pakati, ndipo anamangira laimu. Amene ankakhalamo ife tisanalowe anatseka chumuni, anamata timabowo ta mpweya, anaika mawindo a magalasi awiri, n'kupaka simenti kunja. Kuzizira kunachepa ndithu, koma kuseri kwa wadiropu khoma linada bii ndi chuku, mwana n'kumangotsokomola. Amisiri a nyumba zakale kuno amanena chinthu chimodzi: khoma lofewa limafuna pulasitala yofewa, yoti chinyezi chikalowa chizithanso kutuluka. Simenti yolimba imatsekera madzi m'kati. Ngati zili choncho ndi khoma la laimu, kuli bwanji la matope?

Za kutentha, kuno chimene amayambira ndi kuyala ubweya wa galasi pamwamba pa siling'i, wochindikala mamilimita 270. Amati nyumba yopanda zimenezi imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kutentha kwake kudzera kudenga. Ku Dedza simungafune wochindikala choncho, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Kabaza_wa_Lizulu
Za ku Mangalande mukuzibweretsa ku Dedza? Kuno chipale sichigwa, alamu.

Mlamu_Leicester
Kagoneni pa Dedza mwezi wa Julayi ndi bulangete limodzi, mudzatiuze. Tauni ija ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600.

WakuJoni_Mayfair
Ine ndimakhoma madenga kuno ku Johannesburg, komwenso Juni amaluma. Tisiyanitse zinthu ziwiri chifukwa anthu amazisokoneza. Pali pepala lonyezimira lija ambiri amangoti Sisalation, limene timayala pansi pa malata. Ntchito yake yaikulu ndi kubweza kutentha kwa lata masana, ndiye la mu Okutobala limenelo. Limathandizanso kuti mpweya wonyowa usakafike palata, ndipo timadontho tikapangika timatsetserekera kunja ngati mwaliyala bwino, lakumtunda likuphimba lakumunsi. Koma mbali yonyezimirayo iyenera kuyang'ana pampata wa mpweya. Mukaigundanitsa ndi thabwa kapena siling'i, mwangotaya ndalama.

Ndiye pali zonga bulangete zoyala pamwamba pa siling'i, monga Aerolite wapinki uja wa ubweya wa galasi, kapena Isotherm amene sayabwa m'manja. Zimenezi ndiye za kuzizira kwa Juni, chifukwa zimasunga kutentha kwa m'chipinda kuti kusathawire kumwamba. Pepala lonyezimira lokha silingawafunditse amayi usiku, asakunamizeni.

Vuto lake, pepala lija kuti liyalidwe bwino pamafunika kusasula malata. Ndiye funso ndi lakuti malata anuwo ali bwanji? Ngati adyeka ndi dzimbiri m'mabowo a misomali, sinthani kamodzi n'kamodzi, pepala lilowe nthawi yomweyo.

Nachisale_Dz
Malata ndi omwe aja a bambo. Achita dzimbiri koma mvula ikamagwa amadontha malo awiri okha, pafupi ndi msonga.

AgogoAkuZomba
Mwanawe, malata akale aja usawapeputse. Anali ochindikala, ena a geji 26 kapena 28, osati a geji 32 amene mukugula lero oti ukaponda amapindika. Ngati dzimbiri lili pamwamba pokha, akwecheni ndi bulashi ya waya, pakani penti woletsa dzimbiri, kenako penti woyera kapena wowala. Denga loyera silitentha ngati lofiira kapena lakuda.

Ine ndakhala m'nyumba za boma zakale kuno ku Zomba zaka zambiri. Anthu amaziseka kuti n'zachitsamunda, koma taonani mamangidwe ake: khonde lalikulu, denga lotuluka kutali ndi khoma, siling'i yapamwamba, timabowo ta mpweya kumtunda kwa khoma. Mvula sinkafika pakhoma. Mandala House ku Blantyre inamangidwa mu 1882, njerwa ndi dothi, ndipo ikadalipo. Chaiteteza n'chiyani ngati si khonde lozungulira lija? Ndiye a Kabaza, matope pawokha si mlandu. Mlandu ndi kulola madzi kufika pamatopepo. Ndipo kale tinkapaka njereza mvula ikangotha, chaka ndi chaka. Penti wa mafuta wonyezimira amene mumapaka kumunsi kwa khoma kuti ana asadetse, ndi amene amafufumitsa pulasitala.

Kabaza_wa_Lizulu
Agogo, Mandala anamanga azungu a kampani ndi ndalama zawo. Nanga nyumba zija zinagwa ndi Freddy mu 2023 sizinali za matope?

Bilidala_Kawale
Zambiri zinali za zidina kapena zomangira matope, zimenezo n'zoona. Koma kumbukiraninso kumene zinali: m'mphepete mwa mapiri ngati ku Chilobwe, kumene matope ndi miyala zinakokolola ndi za simenti zomwe. Zina zinagwa chifukwa madzi anaima m'munsi mwa khoma masiku angapo mpaka dothi linasungunuka. N'chifukwa chake ndikulimbikira za ngalande. Nyumba yomwe yaima kuyambira m'ma 1970 yaonetsa kale kuti maziko ake si achibwana. Chimene ndingaope ine ndi ming'alu yodutsa njerwa yoti chala n'kulowa, kapena khoma lopendekeka. Zikakhalapo zimenezo itanani injiniya, osati ine.

Ndipo a Kabaza, kumanga ina mukuiona ngati masewera. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwafunsapo mtengo wa thumba la simenti?

MaiAMapasa
Pepani ndipatuke pang'ono. Achemwali, mwati mukusonkherana ana anayi. Mwakambirana kuti nyumbayo ndi ya ndani amayi akadzapita? Ife tinakonza ya makolo athu, ine ndi mng'ono wanga tinathira ndalama zambiri, lero akukhalamo ndi achimwene amene sanaperekeko ndi msomali umodzi, ndipo akuti ndi yawo poti ndi aakulu. Lembani zonse m'kope, aliyense asaine.

Chatsalira_BT
Apa mwalasa. Ena akamva kuti nyumba yaikidwa siling'i ndi matailosi amatulukira ndi ku Joni komwe.

WakuJoni_Mayfair
Ife a ku Joni talakwanji? Si ndife timatumiza za simentizo?

Chatsalira_BT
Mumatumiza za matumba khumi, pakhoma pamafika asanu ndi limodzi. Funsani amene mumawatumizirawo.

Kalaliki_Wakale
Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, osati abale a malemu. Koma a MaiAMapasa akunena zoona, pakati pa ana eniakenu ndi pamene pamabuka nkhondo. Onaninso ngati mapepala a puloti akadali m'dzina la malemu.

Nachisale_Dz
Zikomo amayi, ndamva. Kope lilipo, amasunga ndi mlongo wathu wamng'ono. Amayi amatiuza kuti mutu umodzi susenza denga, ndiye panopa tikumvana. Tibwerere kukhoma kuja. A Bilidala, tikachotsa maluwa, kenako?

Bilidala_Kawale
Kenako kumbani nthaka ya m'mphepete mwa khoma itsike, ikhale pansi ndi mizere iwiri ya njerwa poyerekeza ndi simenti ya m'chipinda, ndipo itsetserekere kutali ndi nyumba. Osakumba mpaka kuvundukula maziko ayi. Ikani magatala kapena konzani kangalande kolandira madzi a padenga. Mukatero gumulani pulasitala yonse yofufumayo, m'kati ndi kunja, mupitirire pang'ono pamwamba pa pomwe pathera chinyezi. Mukagogoda ndi chala pomwe yalekana ndi njerwa pamalira phwaphwa, simungasochere. Mchere uja sesani ndi bulashi youma, osatsuka ndi madzi, mungaubwezere m'njerwa.

Ndiye lisiyeni khomalo lamaliseche kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala liume. Apa ndi pamene eni nyumba amandida, chifukwa pamaoneka ponyansa ndipo alendo amafunsa. Pirirani. Likauma, kolokosani matope a m'mizere pang'ono kuti pulasitala ipeze pogwira, n'kupaka yosakaniza chonchi: muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya laimu, isanu ndi inayi ya mchenga. Mmisiri wanu adzati yachepa mphamvu. Muuzeni kuti ndi momwe mukufunira. Pamwamba pake njereza kapena penti wa madzi.

Mphunzitsi_Mayani
Laimu wake uti? Wa kumunda uja amagulitsa m'mashopu a feteleza?

Bilidala_Kawale
Ayi aphunzitsi, chonde. Wa kumunda ndi mwala wongopera, sagwira kanthu. Mufune laimu wootcha wa zomangamanga, woyera mbee, wonga amene amachokera ku Balaka. Munyikeni m'mgolo usiku wonse asanasakanizidwe. Amawotcha khungu ndi maso, ndiye wosakanizayo avale magolovesi.

Mlamu_Leicester
Kuno akatswiri a nyumba zakale angakane ndi simenti ya muyezo umodziyo, amafuna laimu ndi mchenga basi.

Bilidala_Kawale
Ndikudziwa alamu, ndipo sakulakwa. Koma ya laimu yekha imachedwa kugwira, imafuna kuinyowetsa ndi kuitchinga dzuwa masiku ambiri. Mundipezere mnyamata wa ganyu pa Dedza amene angadikire zimenezo. Ndimasankha chimene chingatheke.

Namwino_wa_usiku
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhulepo. Nonse mukukamba zotseka nyumba kuti muzifunda. Achemwali, amayi amalowetsa mbaula kuchipinda kukazizira? Ngati amatero, dziwani kuti mipata imene mukufuna kutsekayo ndi imene yakhala ikuwapulumutsa. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka, wosanunkha. Munthu amangomva mutu, chizungulire, tulo, osadzukanso. Nyengo yozizira iliyonse timalandira anthu otere kuchipatala, ena banja lonse. Chipinda cha siling'i, mawindo otseka bwino ndi nsanza pansi pa chitseko, mbaula ikagonamo ndi maliro. Muwauze mobwerezabwereza, ndi mdzukuluyo amve.

Nachisale_Dz
Mwandiopsa amayi. Amalowetsadi, amati amaitulutsa akamagona koma sindikhulupirira.

Namwino_wa_usiku
Agulireni botolo la madzi otentha lija loika m'mabulangete, ndi chipewa cha ubweya. Timabowo ta mpweya ta m'khoma musamate.

AgogoAkuZomba
Apa ndasokonezeka. Wina akuti tsekani, wina akuti tsegulani.

WakuJoni_Mayfair
Zonse n'zoona agogo, malo ake ndi osiyana. Pakati pa chipinda ndi denga, tsekani ndithu: siling'i igwirane bwino ndi khoma, pasakhale mipata yoti mpweya wofunda uzithawira kumwamba. Pakati pa siling'i ndi malata, mphepo izidutsa: timabowo kumakoma a msonga mbali zonse ziwiri, kuti chinyezi ndi kutentha kwa masana zizituluka. Koma muikemo sefa wa waya, apo ayi mwamangira mileme nyumba. Fungo la ndowe za mileme mu siling'i silichoka ndi sopo aliyense. M'chipinda mwenimwenimo, siyani kabowo kamodzi kapena kawiri kumtunda, ndipo m'mawa dzuwa likatuluka azitsegula mawindo. Chimene muyenera kuthana nacho ndi mphepo yolowera m'magalasi a louvre osweka ndi pansi pa chitseko, yowomba munthu ali pabedi.

Mphunzitsi_Mayani
Kwa ife osakwanitsa Aerolite, bwanji utuchi kapena mankhusu a mpunga pamwamba pa siling'i? Utuchi pa Dedza ngwosasowa ndi macheka onse aja.

Magetsi_Area25
Aphunzitsi, utuchi pamwamba pa mawaya a m'ma 1970? Mukufuna tidzakuwerengeni m'nyuzi. Kufunda umafunda, koma ndi nkhuni zimenezo, komanso makoswe ndi chiswe mwaziitana nokha.

Ndipo achemwali, poti nkhani yafika kwanga: musanatseke kumwambako, mawaya aonedwe. Nyumba zakale zambiri mawaya ake anangoyendetsedwa pamitengo ya denga, olumikiza ndi tepi, ena makoswe anawasenda kale. Panopa mukuwaona ndi maso. Siling'i ikaikidwa, zonsezo zabisika. Pezani wa magetsi wa chiphaso cha MERA, mawaya alowe m'mapaipi, aone ngati waya wa earth ulipo n'komwe, chifukwa denga la malata lopanda earth si la masewera. Musiyenso kachitseko kokwerera mu siling'i. Ndipo bulangete la pamwambalo lisakwirire mawaya kapena magetsi olowa mu siling'i aja, amatentha.

MaiAMapasa
Ife tinaika siling'i ya mphasa m'chipinda cha ana, yokhomera pa timatabwa. Yaoneka bwino ndipo kutentha kunachepa. Fumbi lokha ndiye limagwa.

Bilidala_Kawale
Mphasa kapena nsungwi zimathandiza pa kutentha kwa masana, ndipo ndi zotchipa. Pa kuzizira zimachepa mphamvu chifukwa mpweya umadutsa. Ena amayala pulasitiki kapena pepala lonyezimira pamwamba pake, fumbi limaleka kugwa. Ngati ndalama zavuta achemwali, musakakamire nyumba yonse. Yambani ndi chipinda cha amayi, muchichite bwinobwino: bolodi, bulangete lake pamwamba, windo labwino. Pabalaza padikire chaka chamawa.

Chinanso ndinaiwala. Wina akakuuzani kuti muchotse malata muike matailosi a simenti, mukane. Khoma la matope lopanda bimu silinamangidwire katundu wolemera choncho. Ndipo akakwera, aone ngati mitengo ya denga inamangiriridwa kukhoma ndi waya. Mphepo ya mvula zoyamba imanyamula denga lonse ngati linangokhazikidwa.

Nachisale_Dz
Ndabwera ndi malipoti. Mlongo wanga anapita Loweruka ndi kalipentala. Nthaka ya kuseri ili pamwambadi kuposa m'chipinda, pafupifupi chikhatho chonse, chifukwa amayi akhala akuthirapo manyowa a maluwa zaka zonsezi. Ming'alu ikuluikulu palibe. Kudenga, mitengo yambiri ili bwino, kalipentala akuti ina ndi ya mkungudza, ikununkhirabe akaipala. Koma iwiri ya paini imene inawonjezedwa pambuyo pake chiswe chadya, akuti sikuludiraiva inangolowa yonse. Njira ya chiswe ikukwera pakona yomweyo yonyowayo. Kenako kitchini ya panja, denga lake si malata, ndi zotuwa zokhuthala zija. Kalipentalayo akuti aziphwanye tiikepo malata otsala.

AgogoAkuZomba
Mkungudzawo musauchotse ngakhale wina akunyengerereni bwanji. Chiswe sichiudya, ndipo wa ku Mulanje uja unatha m'phiri, simudzaupezanso.

Mlamu_Leicester
Imani kaye pa kitchinipo! Zotuwazo mwina ndi asibesitosi. Asaphwanye, asacheke, asaboole, asakweche ndi bulashi. Fumbi lake likalowa m'mapapo limadzayambitsa matenda patapita zaka makumi angapo, kuphatikizapo khansa. Ku Britain analetseratu mu 1999, ku South Africa mu 2008. Ngati sanasweke ndipo sakudontha, kuli bwino kungowasiya pomwepo. Akafuna kuchotsa, awanyowetse, amasule mabawuti, atsitse lathunthu limodzilimodzi atavala zotchinga mphuno zenizeni, osati kansalu. Ndipo zidutswa zake asakapangire khola la nkhuku kapena kuwotcherapo chimanga monga timachitira kumudzi.

Bilidala_Kawale
Alamu anena zonse. Za chiswe, sinthani mitengo iwiriyo, yatsopanoyo ipakidwe Solignum isanakwere, makamaka kumapeto kolowa m'khoma. Potsitsa nthaka kuja ndi nthawi yabwino yothira mankhwala a chiswe m'mphepete mwa maziko, koma ngati pali chitsime pafupi mufunse kaye odziwa. Tsatirani njira yakeyo mpaka muone kumene chikuchokera, mwina pali chitsa chakale chokwiririka.

Kabaza_wa_Lizulu
Mitengo, mawaya, laimu, magatala, mankhwala, siling'i. Mukawerengera zonsezi si nyumba yatsopano imeneyi?

Chatsalira_BT
Yatsopano ya chipinda chimodzi, mwina.

Nachisale_Dz
Tagwirizana kuti mwezi uno tichite za nthaka, magatala ndi kugumula pulasitala. Mitengo ndi mawaya mu Seputembala, siling'i ya kuchipinda kwa amayi ndalama zikapezeka. Za pepala lonyezimira sitinamvane, mlongo wanga akuti kusasula malata abwinobwino n'kuwononga. Koma vuto lalikulu ndi lina: amayi akukana za maluwa. Akuti anadzala ndi malemu bambo ndipo palibe amene awazule iwo ali moyo.

MaiAMapasa
Musati kuzula, muziti kusamutsa. Akumbireni bedi lina patsogolo pomwe alendo aziwaona, muwanyamule ndi dothi lake lomwe, iwo aziloza pomwe pabzalidwe lililonse.

WakuJoni_Mayfair
Za pepalalo muuzeni mlongo wanu kuti posintha mitengo iwiri ija malata a mbali imeneyo atsika kale. Ngati ndi mbali ya chipinda cha amayi, ayale pomwepo, kwinako kudikire. Angogula misomali yatsopano ya mawashala a labala, yakaleyo isabwererepo.

Nachisale_Dz
Ndi mbali yomweyo. Ndimuimbira madzulo ano. A Bilidala, mgolo wonyikira laimu uja, wachitsulo ungachite kapena mpaka wapulasitiki?

Bilidala_Kawale
Uliwonse, bola ukhale ndi chivundikiro ndipo mdzukuluyo asaufike.